Tsamba Lopanda Guluu

Dzina loti Amalizeni anawapatsa ndi anzawo a kuntchito, kukampani yochapa ndi kusita zovala komwe anakalambirako simbi ili m'manja. Mayi amenewa sankatha kuona chinthu chosiyidwira panjira. Mnzawo akasiya malaya atasita mkono umodzi n'kuthamangira kuchimbudzi, pobwera ankapeza malayawo atapindidwa kale. Wina akayamba nkhani n'kumadodoma, iwo ankamulanda mawu pakamwa n'kumumalizira. Ena zinkawanyansa, ena ankangoseka. "Asiyireni Amalizeni," ankatero, ndipo dzinalo linawakakamira mpaka kunyumba, moti ngakhale amuna awo ankawatchula choncho akafuna kuwaseka.

Amuna awowo anali kalipentala, munthu wofatsa mpaka kukwiyitsa. Tiyi ankamusiya theka m'kapu, Amalizeni n'kugugudiza wotsalayo. Akayamba kuti, "Mayi, kodi kaja ka..." asanapeze n'komwe dzina la chinthucho, amakhala atachilandira kale m'manja. Zaka zoposa makumi anayi anakhala choncho, wina kuyamba wina kumaliza, ndipo palibe anadandaulapo.

Pantchito yawo a Kalipentala anali ndi lamulo limodzi lomwe sankaliphwanya zivute zitani. Sankamata guluu chinthu asanachiyese chouma. Mpando ankaulumikiza wonse wopanda guluu, n'kuusiya chiimire pakona masiku angapo, akuuzungulira, akuugwedeza, akuuyang'ana ndi diso limodzi. Makasitomala ankatopa nawo. Amalizeni ndiye m'manja munkachita kuwayabwa.

"Bambo, tamatani zithe!"

"Msomali umazuka, Mayi," ankayankha choncho. "Guluu sabweza mawu."

Koma munthu wofatsayu anali ndi bala lomwe sankalionetsa. Analibe wachibale ndi mmodzi yemwe. Anawatola ali khanda pabenchi ya panja pa chipatala china, atakulungidwa m'thaulo, ndipo anakulira kunyumba ya ana amasiye komwe anaphunziranso kugwira macheka. Tsiku lobadwa anachita kuwapekera anamwino, dzina chimodzimodzi. Pa ukwati wawo, mbali ya mkazi anthu anasowa pokhala, pomwe mbali ya mwamuna kunali anzawo awiri atatu a kuntchito ndi mabenchi opanda munthu. Akwawo kwa Amalizeni anawalandira ndi manja awiri, makamaka bambo awo, dalaivala wa malole wa mawu ngati bingu, yemwe mkamwini wakeyo ankangomuti "mwana wanga". Komabe pamacheza, anthu akayamba kukangana zoti mwana uyu mphuno watengera yani, a Kalipentala ankadzuka mwakachetechete n'kupita kukapala thabwa lomwe linali losalala kale.

Atapuma pantchito, mawondo atayamba kudandaula, anadzipatsa ntchito ina yosatumidwa ndi munthu m'kashedi ka kuseri kwa nyumba. Anatenga chitseko chakale cha mtengo wolimba, n'kuchipala mpaka kuwala, n'kusemapo mtengo wa banja: thunthu, nthambi, mizu. Munthu aliyense ankamusemera tsamba lakelake, lokhala ndi kachikhomo kolowa m'kabowo ka panthambi, dzina n'kulilemba ndi waya wamoto. Ndipo tsamba silinkachokera ku thabwa wamba ayi. La amayi a Amalizeni linachokera ku chitseko cha kabati yawo yakale. La bambo awo linachokera ku thabwa la kumbuyo kwa lole yomwe anayendetsa mpaka maso atafooka. La mwana wawo wamkazi, mmodzi yekhayo, linachokera ku kabedi komwe ankagona ali khanda.

Mbali ya Amalizeni inadzaza tho ndi masamba: azakhali, amalume, asuweni, ana a asuweni. Mbali ya a Kalipentala kunali nthambi imodzi ndi tsamba limodzi, kunsi kwake thabwa lili mbee, lopanda muzu. Amalizeni ankapewa kuyang'ana mbali imeneyo. Inkawapweteka ngati malaya aja ositidwa mkono umodzi, koma apa panalibe simbi yoti n'kugwira.

Mwana wawo uja, yemwe anali namwino mumzinda wina wakutali, ndi amene anabwera ndi kabokosi patchuthi. Anafotokoza kuti masiku ano munthu amalavulira malovu m'kabotolo n'kukatumiza kwa akatswiri oyeza DNA, ndipo iwo amafananitsa ndi za anthu ena onse omwe anatumizapo zawo. Pakapezeka wamagazi amodzi ndi iwe, amakuuza.

"Malovu enieniwa?" anafunsa a Kalipentala.

"Omwewo, Ababa. Mungodzaza mpaka pakamzere aka. Koma musadye kapena kumwa kanthu kaye."

Anakalandira kabotoloko ngati dzira.

M'mawa mwake a Kalipentala anakhala patebulo la m'khitchini, kabotolo m'manja. Tsoka ilo, mankhwala a mtima omwe ankamwa ankawaumitsa kukamwa gwa. Anayesa kutafuna lilime, anayesa kusisita masaya, Amalizeni anawadulira ndimu n'kuwanunkhitsa, koma chomwe chinatuluka ndi kathovu kongonyowetsa pansi pa kabotolo. Dzuwa linakwera. Mwana anali kuchipinda akulongedza, chifukwa basi yake inali ya masana ndipo kabokosiko kanayenera kupita naye. Pomaliza mkuluyo anaika kabotolo patebulo.

"Ngakhale malovu omwe akundikana," anatero, akuyesa kuseka. "Basi, zisiyeni."

Anatuluka kupita kukashedi mapewa atagwa, ndipo Amalizeni anatsala okha ndi kabotolo kaja.

Tsono musafulumire kuwaweruza mayiwa. Sanaganize zonyenga munthu ayi. Chomwe anaona patebulopo ndi kapu ya tiyi yosiyidwa theka basi. Mumtima anati: ine ndi bambo awa tadyera supuni imodzi zaka zonsezi, chimfine chikagwira mmodzi chimagwira tonse, chawo n'chiti, changa n'chiti? Zawo zili kale pansipo, ine ndingowonjezera zifike pamzere, ngati mmene umathirira madzi mumphika kuti msuzi ukwane. Analavulira, n'kulavuliranso, mpaka pakamzere ndendende, n'kutseka chivindikiro.

"Abambo ako amaliza," anamuuza mwana. Kwa amuna awo anati, "Mwana wati kaja munaikamo kakwana." Bodza lake linali laling'ono chomwecho, ndipo pofika madzulo anali ataliiwala.

Patapita miyezi ingapo mwana anabweranso, foni ili m'manja, nkhope ikuwala. Choyamba chinali choseketsa: oyezawo analemba kuti mwini malovu ndi wamkazi.

"Aa! Ndevu zonse ndameta zija?" anatero a Kalipentala, n'kuseka mpaka kutsokomola. Mwana anati mwina iye ndi amene anadina polakwika polembetsa, ndipo nkhaniyo inathera m'phwete. Amalizeni okha ndi omwe kuseka kunawathera pakhosi.

"Ababa, khalani pansi bwinobwino," anatero mwana. "Apeza munthu. Ndi mayi, mphunzitsi wopuma ntchito. Akuti magazi anu ndi awo ndi oyandikana kwambiri, ngati a anthu obadwa kwa kholo limodzi. Ababa, muli ndi mlongo."

A Kalipentala anavula magalasi, n'kuwapukuta ndi malaya, n'kuwavala, n'kuwavulanso. Kenako misozi inayamba kutsika m'makwinya a masaya. Amalizeni anali asanawaonepo akulira, ngakhale chaka chomwe shopu yawo inapsa ndi zipangizo zonse.

Potsuka mbale, Amalizeni anamufunsa mwana monga zongocheza.

"Iwe, kodi malovu a anthu amasiyana kwenikweni? Ngakhale a anthu a nyumba imodzi?"

"Amayi inunso! Si mutu wa nkhani yonse umenewo? Aliyense ali ndi akeake."

"Nanga atasakanikirana?"

"Kaya, mwina amakana, mwina amawerenga ochulukawo. Bwanji?"

"Ayi, ndimangofunsa."

Mbale yomwe anali nayo m'manja anaitsuka mpaka kutsala pang'ono kuiboola. Anadzilimbitsa mtima kuti mwina kathovu ka amuna awo ndi komwe kanawerengedwa. Pajatu iwo abale awo ankawadziwa onse, onse anali pachitseko paja. Mchemwali wosadziwika akanachokera kuti?

Mwana anabwerera kuntchito atawalumikiza pafoni ndi Aphunzitsi aja. Analankhulana kangapo, ndipo Loweruka lina Aphunzitsi anakwera basi ya m'mamawa kubwera kudzawaona. A Kalipentala anavala jekete ya kutchalitchi n'kukaima pageti dzuwa lisanatenthe, ngakhale ankadziwa kuti basiyo imafika masana. Amalizeni ankasuzumira pawindo, mtima uli m'malere.

Anafika mayi wamfupi, wa imvi zongoyamba, wocheperapo msinkhu kwa Amalizeni, atanyamula kachikwama ndi ambulera. Anaima kutsogolo kwa geti n'kumuyang'ana mkulu wa jeketeyo.

"Achimwene?"

"Ndine," anatero a Kalipentala, mawu atasasa.

Ambulera inagwa pansi. Anakumbatirana pamsewu pomwepo, anthu akudutsa, ndipo Amalizeni pawindo paja anapemphera pemphero lalifupi loti zonsezi zikhale zoona.

Pempherolo silinakhalitse. Atakhala patebulo, Aphunzitsi ananyamula kapu ya tiyi, ndipo kachala kawo ka kumapeto kanaonekera, kopindikira mkati kunsonga ngati mbedza. Kachala kameneko Amalizeni ankakadziwa. Anali nako iwo eni chibadwire, kungoti simbi ndi nyamakazi zinali zitapinda zala zawo zonse, moti kobadwa nakoko kanabisala pakati pa tinzake. Ndipo ankadziwa yemwe anawapatsa, chifukwa ali mwana ankakonda kukayang'ana kali pa chiwongolero cha lole.

"Ine bambo sindinawaonepo," ankafotokoza Aphunzitsi. "Amayi ankagulitsa tiyi pamalo pomwe malole ankaima. Ankangoti anali dalaivala, wa mawu aakulu, wosekaseka. Ankapita n'kubwera, kupita n'kubwera, kenako osabweranso. Chomwe anandisiyira ndi ichi basi." Anakweza kachala kaja. "Amayi ankati, ukadzafuna abambo ako udzayang'ane manja a anthu. Inetu ndayang'ana manja a anthu moyo wanga wonse, m'basi, kumsika, ngakhale a makolo obwera kudzatenga ana kusukulu."

Anagwira dzanja la a Kalipentala n'kulitembenuza. Zala zinali zokhakhala, za zipsera, koma zowongoka bwinobwino.

"Inu ndiye munatengera amayi anu," anatero akuseka.

A Kalipentala anayang'ana dzanja lawo nthawi yaitali. "Mwina," anatero. Kenako anati, "Mayi, tamuwonjezerani tiyi mlongo wanga."

"Zikomo alamu," anatero Aphunzitsi tiyi akuthiridwa. Mawu amenewo anawalasa Amalizeni ngati singano. Mwana wa bambo awo, mng'ono wawo weniweni, anali atakhala m'khitchini mwawo akuwatcha alamu.

Kuyambira pamenepo Aphunzitsi ankabwera pafupipafupi, ndipo a Kalipentala anasanduka munthu wina. Tiyi anayamba kumumaliza okha. M'kashedi munkamveka likhweru. Akakumana ndi anansi pamsewu, nkhani inkayamba ndi nyengo koma inkathera pa "mlongo wanga uja", ndipo mawuwo ankawatchula pang'onopang'ono ngati mwana amene akuyamwa switi kuti isathe msanga. Anatulutsa kathabwa kofiira kokongola komwe anakasunga zaka zambiri akuti kakudikira ntchito yoyenera, n'kusemapo tsamba la Aphunzitsi, n'kulilowetsa panthambi yawo ija pambali pa lawo. Sanalimate. Amalizeni sanadabwe, poti linali kale lamulo la mwini wake.

Koma Amalizeni tulo ndi chakudya zinawathawa. Zinthu zinkawadya zingapo nthawi imodzi. Anakwiya ndi bambo awo omwe anali m'manda, bambo omwe ankabwera kuulendo ndi mabisiketi m'thumba, pomwe mwana wina kumsewu uko akukula akuyang'ana manja a alendo. Ankafunitsitsa kumukumbatira mng'ono wawoyo, kumuuza kuti bambo athu ankaopa achule, ankayimba posamba, anamwalira atagwira dzanja langa. Koma choposa zonse chinali ichi: akatsegula pakamwa, amuna awo abwerera kukhala tsamba limodzi pathabwa loyera, ndipo wowabwezera kumeneko akhala iwo, ndi malovu awo. Anadziona kuti ndi wakuba yemwe wapatsa munthu wanjala mbale ya eni ake.

Anayesa ndithu kunena. Tsiku lina akusita jekete ija anayamba, "Bambo, tsiku lija la kabotolo..."

"Ee, Mayi?"

"...kunatentha bwanji."

"Kunatenthadi," anatero a Kalipentala, n'kupitiriza kunola tchizulo, chida chawo chosemera.

Ulendo wina Amalizeni anafika pa "ine ndinaona kuti", mawu n'kuuma. Mayi yemwe ankamalizira anthu nkhani zawo kuyambira ali mtsikana analephera kumaliza chiganizo chimodzi chokha chakechake. Ankati ndinena mawa, mawa likafika n'kumva likhweru m'kashedi, n'kubweza mawu. Miyezi inapita, tsamba lofiira lija lili chikhalire panthambi, lopanda guluu. Mpando sunakhalepo wouma nthawi yaitali chonchi, ndipo izi zinayamba kuwaopsa.

Kenako mtima wa a Kalipentala unayamba kugonja. Miyendo inatupa, kuchoka pabedi kufika pakhomo ankapuma wefuwefu. Anawagoneka kuchipatala, n'kuwatulutsa ndi mapiritsi ambiri komanso mawu ochepa, ndipo mwana wawo, yemwe ankadziwa tanthauzo la mawu ochepa a madokotala, anapita kuseri kwa nyumba kukalira.

Masana ena kukuwala bwino, mkuluyo anati, "Mayi, tandiperekezani kukashedi."

Anayenda pang'onopang'ono atatsamira paphewa la akazi awo. M'kashedimo munkanunkha utuchi ndi vanishi, zipangizo zili m'malo mwake pakhoma, fumbi litayamba kuzikuta. Amalizeni anawakhazika pampando kutsogolo kwa chitseko chija.

"Nditengereni guluu."

Amalizeni anatenga botolo la guluu pashelefu n'kuwapatsa. A Kalipentala anatambasula dzanja n'kuzula tsamba lofiira panthambi yawo. Guluu sabweza mawu. Akalimata pamenepo, bodza lija likhala pachitseko mpaka kwa zidzukulu.

"Bambo, dikirani," anatero Amalizeni. "Tsiku lija la kabotolo, inu mutatuluka, ine..."

A Kalipentala anawayang'ana pamwamba pa magalasi.

"Munandimalizira," anatero.

M'zaka zonse za ukwati wawo, aka kanali koyamba kuti mwamunayu amalize mawu a mkazi wake. Amalizeni anakhala pabokosi la misomali.

"Munadziwa liti?"

"Tsiku lomwe Aphunzitsi ananyamula kapu. Mayi, apongozi anga, abambo anu aja, ndine ndinawakhomera bokosi. Ndine ndinawapinda manja pachifuwa. Chala chija ndingachiiwale? Ndiponso chinzake ndachigwira zaka zingati, simbi isanapinde zinazo?" Analoza pachitseko. "Taonani apo."

Amalizeni anayang'ana mbali yawo, panthambi ya bambo awo. Pafupi ndi tsamba lawo panali kabowo komwe anali asanakaone, kobisika pakati pa masamba ena. Sikanali katsopano. M'kati mwake munali mutalowa kale fumbi.

"Ndinaboola mawa lake," anatero a Kalipentala.

"Nanga bwanji osanena? Bwanji osandikalipira?"

"Kukwiya ndinakwiya, ndisaname. Inu simunadziwe chifukwa ine ndimakwiyira matabwa." Anapuma kaye, mpweya ukuvuta. "Koma Mayi, munthu kukuitana kuti achimwene... ine ndinali ndisanamvepo. Kuyambira pabenchi paja. Ndinati ndiliyese louma tsambali, ndione mmene zimakhalira kukhala ndi wako. Ndinati ndimveko kukoma kwake pang'ono, mawa ndibweza kwa eni ake. Mawa likafika, iye uja watulukira pageti, achimwene mwadzuka bwanji. Ndiye ndinkati mawa. Ndinkakuonani mukuwonda, mukumuthirira tiyi mng'ono wanu ngati mlendo, ine n'kukhala chete. Ngati inu munandibera, inenso ndakuberani miyezi yonseyi."

Apa Amalizeni analira mokweza, kulira komwe anakusunga kuyambira tsiku la kapu ija.

"Ndakuphonyetsani abale anu, Bambo. Mwina alipo kwinakwake, akuyang'ananso manja a anthu. Tiitanitse kabotolo kena. Ndikhala nanu tsiku lonse, sindikhudza."

"Malovu ake ati, Mayi?" anatero akumwetulira. Milomo yawo inali youma, yong'aluka. "Ndipo yankho lake lidzapeza yani? Zisiyeni. Zina sizimalizika."

Mawu amenewo ndi omwe Amalizeni sanawavomerepo moyo wawo wonse.

A Kalipentala anafinyira kadontho ka guluu pakachikhomo n'kukapaka ndi chala. Anatambasula dzanja kulunjika pakabowo kaja, koma dzanjalo linkagwedezeka, kachikhomo n'kumagunda m'mbali. Anayesanso, osatheka. Anatembenuka n'kuwapatsa akazi awo tsambalo.

"Malizani."

Amalizeni analilowetsa, n'kulikanikiza ndi chala chachikulu mmene ankaonera amuna awo akuchitira, n'kuligwira chomwecho kudikira kuti guluu agwire. Dzanja la a Kalipentala linabwera pamwamba pa lawo.

"Womuuza ndinu, ndi mng'ono wanu," anatero. "Koma ndikupemphani kanthu kamodzi. Ine ndikadali pano, andiitanebe achimwene."

Amalizeni anasunga pempholo, ndipo silinawasungitse nthawi yaitali. Masiku omaliza Aphunzitsi anabwera kudzathandiza kudwazika. Ankakhala pambali pa bedi, akuwanyowetsa milomo ndi kansalu, akuitana, "Achimwene, mukundimva?" Ndipo a Kalipentala, omwe anali atasiya kuyankha madokotala ngakhale mwana wawo yemwe, ankatsegula maso n'kuvomera ndi mutu. Anamwalira m'mawa wina, mawindo atangotsegulidwa kumene.

Maliro atatha, anthu atabalalika, Amalizeni anapeza Aphunzitsi kuchipinda cha alendo akupinda zovala zawo m'kachikwama kaja.

"Alamu, ine ndizipita," anatero, maso ali ofiira. "Ndinachedwa kuwapeza, ndafulumira kuwataya. Wondibweretsa pakhomo pano wapita. Ndabwereranso kukhala ndekha."

"Tasiyani kaye chikwamacho," anatero Amalizeni. "Tiyeni kuseri."

Analowa m'kashedi. Aphunzitsi anapita molunjika kumbali ya a Kalipentala, komwe ankakonda kuima akabwera, ndipo anapeza tsamba limodzi lokha ndi kabowo kopanda kanthu.

"Anandichotsa?" anafunsa. "Ndinawalakwira chiyani?"

Amalizeni anawagwira pamkono n'kuwasunthira mbali inayo, pomwe masamba anali tho. Analoza tsamba lofiira. Aphunzitsi anawerenga dzina lawo, n'kupukusa mutu.

"Matenda aja anawasokoneza. Apa mpa kwanu." Anagwira tsambalo kuti alizule alibwezere pamalo pake. Anakoka, n'kukokanso. Silinasunthe.

"Anamata," anatero Amalizeni. "Ndipo bambo aja sankamata asanayese."

Analoza tsamba lakuda la pamwamba pake, la thabwa lokalamba lokhala ndi zipsera za katundu.

"Ili linachokera kumbuyo kwa lole. Mwini wake anali wa mawu aakulu, wosekaseka. Ankaopa achule."

Aphunzitsi anayang'ana tsamba, n'kuyang'ana Amalizeni. Pamenepo Amalizeni anatenga dzanja lawo n'kuligoneka pachitsekopo, n'kuika lawo lopindikapindika pambali pake, kachala ka kumapeto kugundana ndi kanzake.

"Yang'ana bwino, mng'ono wanga," anatero. "Zinazi ndi simbi. Aka kokha ndi ka abambo athu."